Tebulo la Pawindo, Ine ndi Tamanda

Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito mu lesitilanti ija ya zakudya za ku Mexico, pakati pa mzinda wa Dublin, ndinakhalapo pampando wa makasitomala kamodzi kokha. Masiku ena onse ndinkalowera khomo la kuseri, kumene amaika mabini, n'kutsikira kukhitchini ya pansi.

Ndinachoka ku Lunzu mwana wanga Tamanda ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake anali atamwalira, geni yanga ya kaunjika itagwa, ndipo aliyense amene anali ndi m'bale kunja ankanena kuti ku Ireland ntchito zimachita kukusaka. Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga, amene ine ndinawaponda pamutu. Tsiku lopita ku Chileka sindinamuuze zoona. Ndinati ndikupita ku Limbe kukaoda katundu. Iye anali atagulula dzino lakutsogolo, ndipo anandiuza akumwetulira ndi chigwerucho kuti pobwera ndimugulire masikono. Ndinati chabwino.

Ndinalowa m'dzikomo ngati wophunzira. Sukulu itandikanika ndinakadzipereka kuboma, kupempha kuti andisunge. Anandiika mu hositelo ina kunja kwa mzinda, chipinda chimodzi azimayi anayi, aliyense wa dziko lake. Kuphika kunali koletsedwa, kugwira ntchito koletsedwa. Tinkaima pamzere ndi thireyi ngati odwala, kulandira mbatatesi, lero mbatatesi, mawa mbatatesi. Ntchito yathu inali imodzi, kudikira kalata. Munthu ukamva kuti positi yafika mtima umathamanga, chifukwa envelopu yomweyo imatha kukupatsa moyo kapena kukukweza ndege. Mayi wina wa bedi loyandikana ndi langa anailandira Lachiwiri, pofika Lachisanu pabedi pake panali patagona wina. Manja anga, amene anazolowera khasu ndi mabelo, anafewa ngati a khanda. Ndinkawayang'ana n'kumachita nawo manyazi.

Atatilola kugwira ntchito, amene anandithandiza anali a Tembo, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo ku Swords. Iwo anali operekera zakudya mu lesitilanti ija kwa zaka zambiri.

“Ba sisi, nchito iliko, koma ni ya pansi,” anandiuza choncho. “Muzakwanisa? Amayi aja ni ovuta.”

Amayi ovutawo anali Rosario, mwini malowo. Lesitilantiyo anaitsegula ndi bambo ake iye akadali mtsikana, m'nyumba yakale kwambiri, imene masitepe ake amwala anali atakumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu. M'makoma munali zithunzi za anthu amene anafa kalekale, ena atavala zipewa zazikulu ngati malichero. Makasitomala ena ankati anayamba kudya mmenemo ali pachibwenzi, tsopano ankabwera ndi zidzukulu. Ankanyadira kuti chakudya sichinasinthe kukoma chitsegulireni. Sankadziwa kuti amene akuchigwira pansipo ndi mayi wa ku Lunzu.

Tsiku loyamba, nditangotsika masitepe, fungo linandimenya pamphuno. Chimanga! Chimanga chenicheni, chonyikidwa m'migolo. Ndinaima n'kugwira khoma. Rosario anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatola manja anga n'kuwatembenuza, n'kupukusa mutu. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati changa, choncho tinkamvana ndi manja. Anandionetsa mmene amawiritsira chimangacho ndi laimu n'kuchisiya chigone, mmene amachitsukira mpaka gaga yense atachoka, mmene amachiperera mpaka chikhale chofewa ngati dothi loumbira mbiya. Kenako umapanga timipira, kutipsinja kuti tikhale topyapyala, n'kutiotcha pachiwaya chachikulu. Amati totiya. Ndiye mkate wawo, ndiye supuni yawo, popanda zimenezo sanadye.

Sabata yoyamba anataya m'bini zambiri zimene ndinapanga. Ankangotola imodzi, kuinunkhiza, kuipinda, n'kunena mawu amodzi okha, “Again.” Chiwaya chinandiotcha m'mikono mpaka zipsera zinaleka kuwerengeka. Laimu anang'amba zala zanga. M'nyengo yozizira ndinkachoka ku Santry, kumene ndinapeza kachipinda, mvula yopyapyala ija ikulowa mpaka m'mafupa, n'kukaima maola ambiri pasimenti popanda windo. Panali miyezi imene dzuwa sindinkaliona n'komwe.

Koma mayi ameneyu sanali woipa. Tsiku lina anandipeza ndikulira pamgolo, chifukwa linali tsiku lobadwa la Tamanda. Sanandifunse. Anakhala pathumba la nyemba, kutambasula maondo ake otupa aja, n'kundiuza kuti mayi ake anamwalira ku Mexico iye ali pachiwaya chomwechi, ndipo sanapite kumaliro. Anaswa totiya yotentha pakati, kuwaza mchere, theka kundipatsa. Tinadya limodzi. Kenako anaimirira n'kunditukwana kuti madzi akusefukira.

Lamulungu lililonse ndinkaimba foni kwathu. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza, ndipo achemwali anamanga nyumba yamalata, ana onse analowa sukulu. Tamanda ndinamuona akukula pafoni: dzino linamera, tsitsi analuka, mawu anasintha. Achemwali ankawatchula kuti amayi, basi. Ine ndinali amayi akunja. Ankandipatsa moni mwaulemu ngati akulankhula ndi aphunzitsi, kuyankha zimene ndafunsa, n'kubweza foni.

Mapepala anga atatuluka, ndinayamba kumenyera a Tamanda. Aboma anandiuza kuti ayenera kufika asanakwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, apo ayi chitseko chitsekeka. Ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Chaka chomalizacho foni ya achemwali akuti inawonongeka kamera, tinkangomvana mawu. Nthawi zina ankati Tamanda wapita kotunga madzi, nthawi zina wagona mutu ukumupweteka. Sindinaganize kanthu. Mtima wanga unali pa tsiku limodzi lokha.

Anafika Lachinayi m'mawa, patatsala miyezi itatu kuti akwanitse zakazo. Ndinamudikira kubwalo la ndege ndi jekete latsopano m'manja. Atatuluka sindinamuzindikire msanga: mtsikana wamtali, wowerama pang'ono, atakumbatira chikwama pachifuwa. Ndinathamanga kuti ndimukumbatire, iye anabwerera m'mbuyo n'kugwada pansi, pamaso pa azungu onse aja.

“Muli bwanji, amayi?”

“Dzuka, mwanawe, dzuka,” ndinatero. Ndinamugwira paphewa, thupi lake linali lotentha.

Masiku atatu oyambawo sanadye zolozeka. Ankadzitsekera kubafa nthawi yaitali, madzi akutuluka. Ankagona atavala juzi, ataloza kukhoma. Ndinati ndi kuzizira, ndi ulendo, ndi manyazi a mwana amene sakundidziwa. Ndinati Lamulungu likafika zonse zisintha, chifukwa ndinali nditakonza chinthu chachikulu.

Rosario anali atalonjeza kalekale kuti mwana wanga akadzafika tidzadya pamwamba, patebulo la pawindo, limene makasitomala ankalimbirana. Ndinavala chitenje changa chatsopano, Tamanda ndinamugulira bulauzi yoyera. Tinafika masana, n'kulowera khomo lakutsogolo. Mapazi anga anachita ngati akulakwa. A Tembo anatilandira atavala epuloni yawo yakuda, n'kutikokera mipando ngati mabwana.

“Mwana wathu wafika! Manje ni Dublin iyi, mami, osayopa. Vonse vamene muzadya lelo, ni manja ya amai ako.”

Tamanda anamwetulira pang'ono, maso ali pansi.

Dzuwa linawala tsiku limenelo, limodzi mwa masiku ochepa aja. Zakudya zinayamba kubwera. Supu ya chimanga chathunthu ndi nyama ya nkhumba. Nyemba zakuda zopota. Timitanda ta ufa tokulunga m'makoko a chimanga, tophika ndi nthunzi. Kenako nkhuku yomira mumsuzi wakuda bii umene amati mole, wa tsabola wamitundumitundu ndi chokoleti, umene Rosario ankauphika yekha masiku awiri osalola wina kugwira chipande. Totiya anazibweretsa m'kadengu, zokutidwa ndi nsalu. Ndinali nditazipanga ndekha m'mawa womwewo.

“Tenga, idya ndi manja, kuno saseka,” ndinamuuza. “Ukuona? Chimanga ngati cha kwathu. Ndi ichi chakulera iwe.”

Ndinalankhula kwambiri tsiku limenelo. Ndinamuonetsa zithunzi za m'makoma, ndinamuuza za sukulu ya unamwino imene ndinamufunsira, za basi imene azikwera. Iye anabenthula totiya, kuiviika mumsuzi, kuiika pambali pa mbale. Thukuta linali pamphumi pake.

Patebulo la kumbuyo kwathu panali banja lina la achinyamata, ali ndi khanda m'kangolo. Khandalo linadzuka n'kuyamba kulira, kulira kwa njala kuja kosadukiza. Ndinaona Tamanda akuuma. Anatseka maso, anagwira mphepete mwa tebulo. Nditayang'ana pachifuwa pake, pabulauzi yoyera ija panali patatuluka madontho awiri onyowa, akukula ndikuona, mpaka kutsika kumimba.

Ndine mayi, ndinayamwitsapo. Sipanafunike wondiuza.

“Tamanda.”

Anapingasa mikono pachifuwa. Misozi inayamba kugwera mumbale.

“Ali ndi miyezi ingati?”

“Isanu.”

“Wamwamuna, wamkazi?”

“Wamwamuna. Pemphero.”

“Ali kuti?”

“Kwa amayi.” Ankatanthauza achemwali anga. “Anati ndisanene. Anati mukadziwa mapepala awonongeka, ndipo inu mwavutika zaka zonsezi. Anati ndikafika ndizolowera, mkaka uuma wokha. Koma sukuuma, amayi. Zikuwawa.”

Khanda lija linali litapatsidwa bere, linatonthola. M'chipindamo anthu ankapitiriza kudya, mafoloko akulira, nyimbo ya magitala ikuimba chapansipansi. A Tembo anabwera ndi jagi ya madzi akumwetulira, anayang'ana kamodzi, n'kubwerera kutsikira kukhitchini. Patapita kamphindi Rosario anakwera masitepe, chinthu chimene sankachita chifukwa cha maondo. Anavula shawelo yake, kumufunditsa Tamanda, n'kutikodola kuti timutsatire.

Choncho chakudya changa cha pawindo chinathera kukhitchini ya pansi. Rosario anathamangitsa ophika onse n'kutseka chitseko. Ananyika matawulo m'madzi otentha. Titamuvula bulauzi, ndinaona kuti anali atadzimanga ndi chidutswa cha chitenje, cholimba mpaka kudula khungu. Mabere anali atatupa, olimba ngati miyala, ofiira mbali imodzi. Mwana anayenda nazo zimenezo ndege ziwiri, n'kugona nazo masiku atatu m'chipinda changa, ine ndikumuuza za mabasi.

Ndinamuweramitsa pasinki imene ndinkatsukirapo chimanga, n'kuyamba kumukama pang'onopang'ono. Analira mokuwa, kenako anatsamira mutu paphewa panga. Aka kanali koyamba kumugwira thupi ngati mayi ake chichokereni ku Lunzu. Mkaka wa mdzukulu wanga unkatsikira m'paipi ya mzinda wa Dublin, ine ndikuuyang'ana. Rosario anathothola masamba a kabichi ozizira m'firiji n'kumuika pachifuwa, akung'ung'udza mapemphero m'chilankhulo chake.

Achemwali ndinawaimbira ndili pakhomo la kuseri, pakati pa mabini.

“Achemwali, mwandichita chiyani?”

Chakumbuyo ndinkamva khanda likulira, ndipo ndinadziwa kuti ndi iyeyo.

“Ukanafuna ndichite chiyani?” anatero. “Mnyamata wake wa kabaza, anathawira ku Joni mimba isanaoneke n'komwe. Iwe Lamulungu lililonse mapepala, mapepala. Ndikanakuuza kuti zonse wagwirazo zapita m'madzi? Ine ndalera wako, ndileranso wakeyu. Usandikalipire uli kutali. Amene anamugwira mwendo pochira ndi ine.”

Ndinadula foni.

Tinapita kwa amene amathandiza za mapepala. Anatiuza kuti kubweretsa khandalo n'kotheka mwina, koma zitenga nthawi, mwina zaka, ndipo adzafunsa chifukwa chimene sitinamutchule poyamba. Mawu akuti zaka atatuluka, ndinaona nkhope ya Tamanda ikutsekeka.

Anakhala miyezi inayi. Mkaka unauma. Sukulu anayamba, ankapita n'kubwera ngati munthu wotumidwa. Akafika ankangokhala pabedi n'kumaonera kavidiyo kamodzi komweko, ka Pemphero akuyesa kukhala tsonga n'kugwera chammbali. Anaonda mpaka jekete lija linkamuzungulira kawiri. M'mawa wina, ndikumanga nsapato kuti ndizipita, anaima pakhomo.

“Amayi, ndikufuna ndizipita kwathu.”

“Kwanu ndi kuno.”

“Ayi.”

Ndinapsa mtima. Ndinakwinya malaya n'kumuonetsa mikono. “Ukuziona izi? Zaka zonsezi ndakhala kudzenje kuja chifukwa cha iwe! Ukatuluka m'dziko muno sudzalowanso. Ukabwerera kukatani, kukagulitsa tomato pa Lunzu? Pirira, mwanayo tidzamuitanitsa. Ine ndinapirira!”

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chifikireni.

“Inu munapirira kuno. Ine ndinapirira uko. Ndikudziwa mmene zimakhalira kwa wotsalayo, amayi. Ndinkakhala pamsewu madzulo aliwonse kuyang'ana maminibasi a ku Limbe, mpaka anzanga anandipatsa dzina. Wangayu sakhala pamsewu.”

Sanakweze mawu. Ndinakhala pansi, nsapato imodzi kuphazi. Tsiku limenelo ndinachedwa kuntchito, ndipo Rosario sanandikalipire.

A Tembo ndi amene anatitengera kubwalo la ndege pagalimoto yawo. Njira yonse ankayesa kumunyengerera, “Mami, ganiza bwino, mwayi uyu subwela kawili,” mpaka anatopa n'kungoyendetsa. Polowa, Tamanda anavula jekete lija n'kundipatsa, akuti kwathu silikagwira ntchito. Ulendo uno sanagwade. Anandigwira dzanja pang'ono n'kupita, akuyenda mwachangu, wowongoka.

Ndinabwerera kuchiwaya. Sindinadziwenso chimene ndikugwirira, koma manja ankadziwa njira yawo. Zinadutsa zaka zina zitatu. Maondo a Rosario anakana, mwana wake anatenga malowo, ndipo anaona kuti totiya za m'mapepala zochokera kufakitale n'zosavuta. Migolo ija anaitulutsa. Anandiuza mwaulemu kuti nditha kutsala ndizitsuka mbale. Ndinakatsanzika Rosario kunyumba yosungira okalamba, anandigwira zala zanga zong'ambika zija nthawi yaitali. A Tembo anandinyamulira masutikesi. Tikiti ndinagula yopita yokha, koma kwathu sindinauze aliyense.

Lunzu ndinamupeza atakula, ine nditachepa. Achemwali anali atakalamba, maso akuvuta. Tamanda anali ndi kaokala kumsika ndipo nyumba yonse inkayendera mawu ake. Anandilandira bwino, sindinganame. Anandiphera nkhuku. Anachotsa ana a achibale m'chipinda kuti ndigonemo ndekha. Madzi osamba ankandiikira kubafa, chakudya ankandibweretsera pathireyi, chovundikira ndi kansalu, n'kutseka chitseko kuti ana asandisokoneze. Ndinkadya ndekha ndikumva iwo akuseka pakhonde. Ndikatola tsache, wina ankandilanda. Pemphero, kamwana konenepa kothamanga, ankandisuzumira pakhomo n'kuthawa. Anamuuza kuti m'chipindamo muli alendo, asachite phokoso.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatuluka masana n'kupeza Tamanda atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, akusankha nyemba palichero. Ndinakhala pansi pafupi naye. Anafuna kudzuka kuti akanditengere mpando, ndinamuletsa.

“Amayi,” anatero osadzutsa mutu, “mubwerera liti? Ndikufuna ndidziwe kuti ndikukonzereni ufa ndi usipa woti mutenge.”

Sanafunse mwankhanza. Anafunsa ngati mmene umafunsira mlendo amene ukumufunira zabwino.

“Sindibwereranso,” ndinatero. “Ntchito inatha. Ndabwereratu.”

Manja ake anaima. Anayang'ana kutali, kumene Pemphero ankathamangitsa nkhuku. Ndinadikira kuti anene kanthu, kaya kokoma kaya kowawa. Patapita nthawi anakankhira lichero pakati pathu, n'kugawa nyembazo ndi m'mphepete mwa dzanja, mulu wake ndi mulu wanga.

“Zofumbwa muziika apa,” anatero. “Muonetsetse, zili ndi miyala yambiri.”